Kuno Sanafike

Ku Bwanje,
Ntcheu.
15 Malichi, 2025.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti inu ndi amayi muli bwino kumeneko ku Kasungu, ndiponso kuti mwendo wa amayi wayamba kupepuka ndi mankhwala amene achimwene a Mfundo anawapezera. Kuno ndili bwino. Mvula ikugwa mosadumphitsa, mpunga wa m'sikimu ya ulimi wothirira wayamba kutulutsa ngala, ndipo udzudzu wachuluka monga mwa chaka chilichonse.

Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni ndinakunamizani. Masabata awiri apitawo munandiimbira n'kundiuza kuti a Fanizo, ahedi a pasukulu pathu, akudandaula kuti ndikuphunzitsa ana mwano. Munandikumbutsa kuti munakulira nawo limodzi ku Nzama, ndiponso kuti ndinu amene munandisiya m'manja mwawo pamene ndinkabwera kudzayamba ntchito. Munati ndikapepese ndipo ndichite zimene akufuna. Pomaliza munafunsa kuti, "Mwamva, Nangozo?" Ine ndinayankha kuti, "Ndamva, bambo." Mawu anu ndinawamvadi onse, koma ndinkadziwa pomwepo kuti sindichita. N'chifukwa chake kuyambira tsiku limenelo foni yanu ikalira ndimangoiyang'ana. Chonde werengani mpaka kumapeto musanakwiye, chifukwa mlandu wonse wagona pa liwu limenelo la kumva.

Mu Okutobala chaka chatha, mayi mlangizi wa masukulu a m'dera lathu anatiitana aphunzitsi ku maphunziro a masiku awiri. Anatiuza kuti kafukufuku si wa anthu a ku yunivesite okha. Mphunzitsi angathe kusankha chinthu chimodzi chimene chikumuvuta m'kalasi mwake, n'kuchiyang'anitsitsa, kulemba zimene akuona, kuyesa njira ina, kenaka kuonanso ngati zinthu zasintha. Anzanga ambiri anayamikira chakudya cha masana n'kusiya zina zonse komweko. Ine pobwerera ndinagula kope.

Vuto langa linali ili. Ndimaphunzitsa Sitandade 4, ana 94 m'chipinda chimodzi. Pophunzitsa masamu ochotsera, aja amene nambala ya pamwamba imachepa n'kufunika kubwereka kwa nambala yoyandikana nayo, ndinkafotokoza pabolodi n'kutembenuka n'kufunsa kuti, "Mwamva?" Ana onse pamodzi ankati, "Eee, madamu." Koma ndikawapatsa ntchito, okhoza ankangokhala 31, nthawi zina 29. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikunena kuti ndi kutentha kwa kuno, kapena njala, kapena kuti ana a masiku ano ndi ogona. Sindinaganizepo kuti mwina vuto lili pa ine.

Ndinapempha Maness, mnzanga wophunzitsa Sitandade 3, kuti akhale kumbuyo kwa kalasi yanga phunziro limodzi lokha, azichonga pa pepala nthawi iliyonse ndikati "mwamva". Titatuluka anandipatsa pepalalo akuseka.

"Ka 26, asisi," anatero. "Ngakhale uja wogulitsa mankhwala a makoswe pamsika wa ku Ntcheu sabwereza choncho."

"Nanga anawo ankayankha bwanji?"

"Eee ka 26. Pali wina wagona pakona paja. Ameneyo amadzuka, n'kuti eee, n'kugonanso."

Ndinaseka naye, koma zinandiwawa. Sabata yotsatira ndinayamba kuitana ana mmodzimmodzi pa nthawi yopuma, tizicheza pakhonde. Tsiku lachitatu ndinaitana Tisungane, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri amene akubwereza kalasi. Amakhala chotsamira khoma, ndipo chaka chonse chatha sindinamvepo mawu ake payekha. Ndinamuonetsa kope lake, mmene masamu onse asanu anali olakwa.

"Tisu, dzulo unati wamva."

"Ndinamva, madamu."

"Nanga apa chinachitika n'chiyani?"

"Ndinamva zonse zimene munanena. Koma samuyo sindinaidziwe."

"Bwanji sunandiuze kuti sunamve?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. "Ine si mwana wosamva, madamu."

Bambo, ndinakhala pakhondepo mpaka belu linalira. Taganizirani. Liwu limeneli ife timalisenzetsa katundu wa mitundu itatu. Kumva ndi kwa khutu, kumva ndi kwa mutu, ndiponso kumva ndi kumvera akulu. Mwana wosamva ndi uja woba shuga, uja wothawa kubusa, uja amene amayi ake amamudikirira ndi kamtengo. Ine ndinkafunsa za mutu, ana ankayankha za khalidwe lawo. Mwana woleredwa bwino sangaimirire pamaso pa mphunzitsi n'kunena kuti sanamve, chifukwa akatero wadzitchula yekha kuti ndi wosamva. Ndiye kuti ana aulemu kwambiri ndi amene ndinkawataya kwambiri.

Ndinayesa njira zingapo, ndipo zonse zili m'kope muja. Ndinawauza kuti kunena kuti sunamve si mlandu. Onse anati eee. Ndinawaphunzitsa kuti azinena kuti "sindinamvetse", koma sabata yonse ananena ana awiri okha, ndipo anzawo anawaseka. Ndinadula timapepala tofiira ndi tobiriwira kuti azikweza m'mwamba, tofiira akapanda kumvetsa, tobiriwira akamvetsa. Pofika Lachitatu tofiira tonse tinali titasowa, tobiriwira anali atapanga ndege.

Yankho ndinalipeza kumunda. Loweruka lina mu Januwale ndinkadutsa panjinga m'mbali mwa sikimu. A Obed, bambo ake a Tisungane yemweyo, ali ndi munda kumapeto kwenikweni kwa ngalande. Ndinawapeza ataimirira pamzere akuitana a Jasper, amene amatsegula madzi kumtunda.

"A Jasper, kuno sanafike!"

"Ndatsegula kalekale. Mwina munda wanuwo uli ndi ludzu ngati mwini wake."

"Mpunga sumwa nkhani zoti mwatsegula, umamwa madzi. Tsikani muone pamene patseka."

A Jasper anatsika akung'ung'udza, awiriwo n'kuyenda m'mbali mwa ngalande mpaka anapeza udzu ndi matope zitatseka pa mphambano. Anachotsa, madzi n'kuyenda. Chimene ndinaona n'chakuti a Obed sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Munda ukauma palibe amene amati mundawo ndi wamwano. Mwini wake amanena, wotsegula madzi amatsika, onse n'kufufuza pamene patseka.

Lolemba ndinajambula ngalande pabolodi. Ndinati, "Ine ndine wotsegula madzi, inu ndinu minda. Madzi akapanda kufika, mwini munda amati chiyani?" Anaseka, chifukwa onse amawadziwa mawuwo, ena amatumidwa ndi makolo awo kukawanena. Ndinawauza kuti kuyambira tsiku limenelo sindidzafunsanso kuti mwamva, ndizifunsa kuti, "Afika?" Ndinaphunzitsa samu imodzi n'kufunsa. Kenaka mnyamata wina kumbuyo, mwina pofuna kuseketsa anzake, anati, "Kuno sanafike." Ndinasiya choko, ndinadutsa pakati pa miyendo ya ana mpaka ndinafika pamene anakhala, n'kugwada pambali pake kuti andionetse mmene akuchitira. Ataona kuti sindinakwiye, manja anayamba kukwera. Pofika Lachisanu, ngakhale Tisungane ananena, motsitsa mawu, akuyang'ana khoma.

Ndipo pamene panatseka tinapapeza. Mukudziwa kuti pochotsera 28 mu 53 timati 3 ndi wochepa, tibwereke 1 kwa 5, ndipo 5 uja amasanduka 4. Ana anga ankabwereka bwinobwino. Koma akamaliza mbali yoyamba, ankafufuta 4 uja n'kulembanso 5. Nditamufunsa Tisungane chifukwa chake, anati, "Wobwereka amabweza, madamu. Mukabwereka mchere simukhala nawo." Anali kunena zoona. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkauza ana kuti abwereke chinthu chimene sadzabweza, ndipo ana okhulupirika ankakonza bodza langalo mwakachetechete. Ndinasiya liwu la kubwereka. Tinatola timitengo n'kutimanga m'mitolo ya khumikhumi, ndipo tsopano timati tikumasula mtolo. Mtolo ukamasulidwa palibe amaufunanso pa mitolo inzake. Pa mayeso amene ndinapereka pakati pa Febuluwale, okhoza anali 68. Otsalawo ndikuwadziwa mayina awo ndiponso pamene aliyense watsekera.

Tsopano ndifike pa zimene a Fanizo anakuuzani. Kumapeto kwa Febuluwale kunabwera alendo a bungwe lina amene akufuna kutimangira zimbudzi. Sukulu yonse inafola pabwalo. A Fanizo analankhula kwa nthawi yaitali m'Chingerezi, ndikhulupirira pofuna kuti alendowo aone kuti sukulu yathu si yachabe. Atamaliza anatembenukira kwa ana n'kufunsa m'Chichewa kuti, "Mwamva, ana inu?" Sukulu yonse inati eee. Phokosolo litatha, Tisungane anakweza dzanja, anapinda maondo mwaulemu, n'kunena kuti, "Kuno sanafike, ahedi."

Sananene monyoza, bambo. Ndinali pafupi naye ndipo ndinamumva bwinobwino. Koma a Sitandade 8 anaphulika ndi kuseka, mlendo wina anafunsa chimene mwanayo wanena, ndipo mphunzitsi wina wopanda nzeru anamumasulira. Nkhope ya a Fanizo sindidzaiiwala.

Alendo atapita, analamula kuti Sitandade 4 yonse itchetche udzu wa kuseri kwa sukulu masiku atatu. Apa pali chimene mwina sanakuuzeni. Ndinapita kunyumba, ndinavala chitenje, ndinatenga chikwakwa, n'kukatchetcha nawo masiku onse atatu. Mawuwo ndinawaphunzitsa ndine, choncho sindikanatha kukhala pamthunzi ana akulangidwa chifukwa chondikhulupirira. A Fanizo anandiitanitsa ku ofesi tsiku lachitatu, thukuta lili kamukamu.

"Mwana wa a Ngozo, mwandivula kawiri," anatero. "Koyamba pamaso pa alendo, kachiwiri pamaso pa mudzi wonse. Anthu akufunsa ngati ahedi ayamba kutchetchetsa udzu aphunzitsi."

"Pepani chifukwa cha manyazi amene munaona, bwana. Sindinafune kuti zitero."

"Ndaphunzitsa zaka makumi atatu. Mwana akazolowera kuuza wamkulu kuti vuto ndi wamkuluyo, lero auza ine, mawa auza bambo ake. Mukaimirire pabwalo, muwauze ana kuti mawu amenewa ndi mwano ndipo asadzawanenenso pasukulu pano. Mukapanda kutero, ndilembera ku boma kuti sitingagwire ntchito limodzi."

Ndinawaonetsa kope langa. Analitsegula, anaona manambala, n'kunena kuti, "Masamu akukhoza, sindikukana. Koma sukulu si masamu okha." Sindikufuna kuti muwaone ngati munthu woipa. Ndi iwo amene anandipatsa nyumba ya aphunzitsi pamene ena akale ankaifuna, ndipo pamene ndinadwala malungo chaka chatha anandiperekeza okha kuchipatala. Mantha awo ndikuwamvetsa. Ngakhale a Obed anabwera kwanga ndi Tisungane kudzapepesa. Nditawauza kuti mawuwo ndinawatenga pakamwa pawo, anakanda kumutu n'kunena kuti, "Za kumunda zizithera kumunda, madamu." Kuyambira tsiku la alendo lija mwanayo anabwerera kukhoma kwake, osalankhulanso.

Ndiye munandiimbira foni inu. Ndinaganiza masiku anayi, ndipo chimene chinkabwera m'mutu mwanga kawirikawiri ndi nkhani yanu yomwe. Munkatiuza kuti mutafika kumigodi ku Joni, kapitawo ankalankhula chilankhulo chimene simunkachidziwa, ndipo nonse obwera kumene munkangovomera kuti asakuoneni ngati opusa kapena amwano. Munkati mnzanu wina wa ku Dedza anavomera chimodzimodzi, n'kukaimirira pamalo pamene anauzidwa kuti asaimirire, ndipo anabwerera kwawo wopanda phazi. Inu munkaimaliza nkhaniyo ndi kuti Mulungu anakusungani. Ine ndikuona kuti mnzanuyo anali munthu woleredwa bwino, ngati Tisungane.

Lachinayi ndinapita ku ofesi kwa a Fanizo ndekha, ndinatseka chitseko kuti wina asamve, ndinakhala pansi mwaulemu n'kuwauza kuti sindichita. Ndinati ndingathe kupepesa kwa iwo pamaso pa aphunzitsi onse chifukwa cha manyazi aja. Ndingathe kuuza ana kuti pabwalo pakakhala alendo azidikira kaye, akafunse pambuyo pake. Koma sindingaimirire pamaso pa ana 94 n'kuwauza kuti kunena zoona kuti sunamvetse ndi mwano. Ndikatero sadzanenanso kwa mphunzitsi wina aliyense mpaka atasiya sukulu, ndipo ambiri a iwo adzaisiya msanga.

"Bambo anu akudziwa zimenezi?" anafunsa.

"Ndiwauza ndekha, bwana."

Lolemba kunabwera mayi mlangizi uja. Anakhala m'kalasi mwanga phunziro lonse, anawerenga kope langa tsamba ndi tsamba, ndipo anapempha kuti alijambule pafoni kuti akaonetse aphunzitsi a masukulu ena. Kenaka tili awiri anandiuza kuti, "Ntchito yanu ndi yabwino, mayi. Koma ahedi ndi mphunzitsi akasemphana chonchi, amene amasuntha si ahedi."

Izi ndi zimene ndakhala ndikuzengereza kulemba kuyambira pamwamba paja. Kalata ya ku boma yondisamutsa ndailandira dzulo m'mawa. Teremu ikubwerayi ndikayamba pa sukulu ina kuseri kwa mapiri, kufupi ndi malire a Mozambique. Akuti minibasi imathera kutali, kotsalako n'kwa kabaza kapena wapansi, ndipo nyumba ya mphunzitsi kulibe, ndikafuna ya lendi m'mudzi. Nyumba ino ndituluka sukulu ikatsekera. Sindikunamizani kuti sindinalire. Ndinalira kuseri kwa kalasi ya Maness, iye atandigwira dzanja n'kumanditukwana kuti ndine wouma mutu ngati bulu. Koma akuti akapatsidwa kalasi yanga, timitengo tija sataya.

Ana ndinawauza dzulo lomwelo tisanaweruke, chifukwa sindinafune kuti amve kwa ena. Ndinawafotokozera pang'onopang'ono kuti aphunzitsi amasamutsidwa, kuti palibe mwana amene walakwa, ndiponso kuti mawu aja ndi awo, angathe kuwanena mwaulemu kwa aliyense wowaphunzitsa. Nditamaliza ndinafunsa monga mwa masiku onse kuti, "Afika?" Ndinaona dzanja likukwera kukhoma kuja.

"Afika, madamu," anatero Tisungane. "Koma sitikuwafuna."

Ndinatembenukira ku bolodi n'kuyamba kufufuta, ngakhale panalibe chofufuta.

Kumene ndikupitako kulibe sikimu, kulibe ngalande, amalima mbatatesi ndi kabichi m'mapiri. Mawu a kuno sakagwira ntchito kumeneko. Ndiyenera kukakhala chete masabata angapo, kumvetsera mmene anthu akumeneko amanenera chinthu chikapanda kuwafika, ndipo ndikadzawapeza mawuwo ndidzawalowetsa m'kalasi. Ahedi akumeneko ndidzawauza tsiku loyamba lomwe zimene ndimachita, kuti asadzadzidzimuke. Kope latsopano ndagula kale.

Pempho langa ndi limodzi. Achimwene anditumizira uthenga kuti mwapatula tambala wamkulu uja, ndipo mukufuna kukwera basi kumapeto kwa mwezi kuti mudzagwade kwa a Fanizo m'malo mwanga. Chonde, bambo, musabwere pa ulendo umenewo. Mukadzagwada, iwo adzakumverani chifukwa amakukondani, kalata ija adzaibweza, ndipo ine ndidzayenera kukaimirira pabwalo paja. Sindidzaimirira, ndipo manyazi adzakhala anu. Ubwenzi wanu ndi iwo usathe chifukwa cha ine. Muziwaimbira monga kale, muzikamba za ku Nzama, koma za ine muzisiye. Tambalayo muphere amayi, amwe msuzi, mwendo ulimbe.

Amayi muwauze nokha, pang'onopang'ono, ndipo za ulendo wapansi uja musawauze kaye. Muwauze kuti mbaula ndi mapoto amene anandipatsa ndipita nazo, komanso kuti kumapiri kulibe udzudzu wambiri. Moni kwa achimwene a Mfundo, alamu anga ndi ana onse. Ndidzabwera pa tchuthi cha Pasaka ndisanasamuke. Mukadzafuna kundikalipira ndidzakhala pamphasa n'kumvetsera mpaka mutamaliza, ndipo ndidzakuyankhani zoona. Ngati simudzafuna kundilankhula, ndidzabwerabe, ndidzakuchapirani malaya a kutchalitchi.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Nomsa